Ndinalowa Gulu la Onazi Ndili ndi Imvi

Tadala, tazimitsa TV'yo. Nawe Chisomo, foni ikapumeko m'thumba, siithawa. Agogo anu aakazi achedwa kumsonkhano wa amayi kutchalitchi, ndiye mpata ndi womwewu, chifukwa akakhalapo nkhani zanga amazidula pakati n'kumati, "Sizinali choncho." Amayi anu andiuza kuti iwe Tadala akusankha kuyunivesite kuti ulowe gulu la onazi, la ophunzira ochita digiri yapamwamba, ndipo ukuti ukuopa ntchito yake. Ine sindikuuza chochita. Ndingokuuza kuti gulu lotero ndinalowamo, ndili ndi imvi kale. Mukuseka chiyani? Mumayesa ndinabadwira pampando uno?

Kuno ku London ine ndinabwera ngati mkamwini. Kwathu ku Ntcheu mwamuna akakwatira amakamanga kumudzi kwa mkazi, ndiye agogo anu atapeza ntchito yaunesi pachipatala chachikulu cha kuno ku Edmonton, ndinangoti chikamwini chake chafika patali, koma ndi chomwecho. Ndinasiya choko ndi ana anga a Sitandade 7, n'kunyamuka ndi amayi anu Chikondi, ali kamtsikana kamanyazi. Satifiketi yanga yauphunzitsi anthu akuno anaiyang'ana ngati chithunzi cha munthu amene sakumudziwa. Ntchito yomwe inapezeka inali ya kunyumba yosamalira okalamba, kukeya monga timanenera: kusambitsa, kuveka, kudyetsa, kuyala mabedi. Manja omwe ankalemba pabolodi anaphunzira kumeta ndevu za munthu wina popanda kumucheka.

London wa masiku amenewo si uyu mukumudziwa inu. Foni yokuuza kuti khota kumanja kunalibe. Tinkayenda ndi kabuku ka mapu m'thumba la jekete, ndipo msewu womwe ukufuna nthawi zonse unkakhala pomwe pakumanirana masamba awiri. Kuimba foni kumudzi unkagula kakhadi kugolosale ya Mturuki, n'kukanda ndi chala kuti manambala aoneke. Uli mkati mopereka moni, usanafike n'komwe pa "nanga ng'ombe zili bwanji", foni yaduka. Inu lero mumaonana nkhope ndi azisuweni anu a ku Blantyre mutagona pasofa, komabe mumati netiweki ikuchedwa.

Za sukulu anayambitsa ndi agogo anu. Tsiku lina anandipeza ndikukonza Chingerezi cha pakapepala kotsatsa malonda komwe anatiponyera pakhomo, bolopeni yofiira ili m'manja.

"Abambo a Chikondi," anatero, "mutu wanuwo ukuchita dzimbiri. Pitani kusukulu, musanayambe kuchonga zikwangwani za mumsewu."

"Pamsinkhu uno? Ndikakhale pabenchi limodzi ndi ana?"

"Nanga ana aja munkawaphunzitsa ankakulumani?"

Ndinalembetsa digiri ya zaumoyo ndi chisamaliro cha anthu, kuyunivesite ina kutsidya kwa mtsinje, kufupi ndi Lewisham. Ulendo wake unali ngati wopita kuboma: kuyamba ndi basi yaitali ija yopindika pakati ngati bongololo, yomwe inu simunaione, kenako sitima, kenako basi ina. M'nyengo yozizira ndinkachoka kuno kusanache bwinobwino, mbatata yootcha ili m'chikwama, yotentha, kuti izindifunditsa msana ndisanaidye. Ntchito sindinasiye ayi. Ndinkagwira mashifiti a masiku omwe kunalibe kalasi, ndi Loweruka lomwe.

Kompyuta ndiye inandichititsa manyazi. Ndinkalemba ndi zala ziwiri ngati nkhuku yojompha chimanga, ndipo ntchito ndinkasunga pakadisiki kakuda kamakona anayi, komwe anzanga achinyamata ankakatembenuza m'manja akuseka kuti kameneka n'ka kumyuziyamu. Koma pa kuwerenga sanandipose. Munthu amene unakula buku limodzi mukuwerenga kalasi yonse, akakulowetsa mulaibulale yosanjikizana, umangokhala ngati mbuzi yolowa m'dimba.

Chaka chachiwiri chikutha, mphunzitsi wina dzina lake Helen anandiitana kuofesi kwake. Anati chaka chilichonse amasankha ophunzira ochepa kuti alowe gulu la onazi. Gululo limakumana Lachitatu masana, ndipo aliyense amachita kafukufuku wakewake chaka chonse chomaliza, n'kudzamuteteza pamaso pa aphunzitsi. Wolephera amabwerera kudigiri wamba. Ndinavomera ndisanafunse n'komwe kunyumba. Agogo anu atamva anaimba nthungululu m'khitchini, mpaka mayi wa pafuleti yapamwamba anatsika kudzafunsa ngati kwagwa zovuta.

Tsono gulu lija linali lachilendo kwa ine. Munalibe tebulo la aphunzitsi kutsogolo. Tonse tinkakhala mozungulira, Helen ali pakati pathu ndi kapu yake ya tiyi, ndipo ana aja ankamuitana dzina lake lenileni, Helen, ngati mnzawo wosewera naye fulaye. Ine lilime linkakana. Ndinkati "Madamu", iye n'kumaseka, ndipo mpaka lero tikakumana ndimati Madamu. Chinanso, ankakangana naye. Mphunzitsi wanena mfundo, kamwana n'kuti, "Sindikugwirizana nazo." Ine ndinkayang'ana pansi, kudikira kuti wina atulutsidwa. M'malo mwake Helen ankati, "Chabwino, tiuze chifukwa chake." Kusukulu kwathu mphunzitsi akati dzuwa limatuluka kumadzulo, unkalemba momwemo, n'kukadandaulira kunjira.

Masamba a mitengo atayamba kuyoyoka, anzanga onse anali atapeza mitu ya kafukufuku wawo. Ine ndinkabweretsa masamba olembedwa bwino, opanda cholakwa ngakhale chimodzi. Helen anawerenga n'kuwaika pambali.

"Eliya," anatero, pajatu ndi dzina langa limenelo, ngakhale inu mumayesa ndine Gulandadi, agogo aamuna, chibadwire, "mwandiuza bwino zomwe mabuku akunena. Nanga inu mukuti chiyani? Mumagwira ntchito ndi okalamba tsiku ndi tsiku. Palibe chimene chimakusowetsani mtendere kumeneko? Khirisimasi isanafike mundibweretsere funso lanu, osati la wina. Popanda funso, m'gulu muno simungapitirire."

Funsolo linali pafupi, kungoti sindinkadziwa kuti ndi funso. Kukeya kwathu kunali bambo wina, tingoti a Tembo, pakuti dzina lawo lenileni ndinalonjeza kusalitchula. Anali ochokera ku Katete, ku Zambia, ndipo anabwera kuno kalekale, ine ndili mwana. Anayendetsa mabasi a mu London moyo wawo wonse, akazi awo anamwalira, n'kutsala ndi mwana mmodzi, Grace, wobadwira ku Croydon. Matenda oiwala aja atawagwira, Chingerezi chinayamba kuwathothoka pang'onopang'ono. Pomwe ine ndinkawadziwa anali atangokhala chete, ndipo akayankhula anzanga ankati akubwebweta.

Tsiku lina m'mawa ndikuwapatsa tiyi, anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti, "Iwe, mvula yagwa kumunda?"

Thireyi inatsala pang'ono kugwa. Ndinati, "Yagwa, bambo. Chimanga chamera kale."

"Eya," anatero. "Uwauze apalire msanga."

Kuyambira tsikulo ankanditchula Yohane, dzina la mng'ono wawo. Ndikawadyetsa ine ankadya, ndikawasambitsa ine sankalimbana. Ndiye ndinapita kwa Helen ndi funso langa: munthu wobwera, amene wakhala moyo wake wonse m'chiyankhulo cha eni, chimamuchitikira n'chiyani matenda akamulanda chiyankhulocho n'kumusiyira cha amayi ake chokha? Helen anaomba patebulo tiyi n'kutayika.

Nyengo yozizira yonseyo ndinali pakalikiliki. Ndinayenda m'nyumba zina za okalamba kucheza ndi anzanga apantchito, a ku Ghana, a ku Cyprus, a ku Bangladesh, ndipo ambiri anali ndi a Tembo awoawo. Nditabweretsa zimenezi kugulu Lachitatu lina, ndinayankhula ngati ndili paasembule. Ndinati mankhwala ake ndi osavuta: nyumba iliyonse ipeze wantchito wodziwa chiyankhulo cha nkhalambayo, basi.

Panali mtsikana wina m'gulumo, Amina, makolo ake a ku Somalia koma iye wobadwira konkuno. Anali wamsinkhu wako, Tadala, ndipo pakamwa pake panalinso ngati pakopo.

"Bambo Eliya, sindikugwirizana nazo," anatero. "Nanga ana awo? Agogo anga amacheza ndi mayi woyandikana nafe tsiku lonse, kuseka, kuimba. Ine ndikalowa amandiyang'ana ngati ndabwera kudzawerenga mita. Inu mwapezera nkhalamba munthu wocheza naye. Mwana wake mwamupezera chiyani?"

Ndinamuyankha ndithu, mwauphunzitsi, koma m'sitima pobwerera mawu ake anandikhala pamtima ngati mbatata yosapsa.

Tsono lamulo la kuyunivesite linali lakuti sungalembe za munthu wodwala chonchi popanda chilolezo cha abale ake. Grace ankabwera Loweruka lililonse kuchokera ku Croydon, pathiramu, pasitima, pabasi, ulendo wotopetsa kuposa wanga. Anali mayi wamkulu ndithu, wa ana ake, wogwira ntchito kubanki. Chinyanja sankachidziwa, chifukwa makolo ake ankaganiza kuti chimusokoneza kusukulu. Ankakhala pambali pa bedi atagwira chikwama pamiyendo, bambo ake akuyang'ana kukhomo kudikira Yohane.

Ndinamupempha chilolezocho mwaulemu m'khonde, m'Chingerezi. Anandimvetsera mpaka kumapeto.

"Ayi," anatero. "Ndikudziwa kuti mumawasamala bwino, ndipo ndikuthokoza. Koma bambo anga mwawatenga kale. Ndimabwera kuno sabata iliyonse, sandidziwa. Inu mukangolowa nkhope yawo imawala. Tsopano mukufunanso kuwaika m'buku lanu? Ayi."

Helen nditamufotokozera anati ayi ndi ayi, sitikakamiza munthu. Anati ndiyesere kulemba za antchito okhaokha, ngakhale sanabise kuti kafukufuku wotero akhala wopyapyala ndipo mwina sakwanira onazi. Nthawi inali ikutha, maluwa achikasu aja a m'mapaki atayamba kutuluka. Kunyumba kuno ndinkangodandaula. Agogo anu anandiyang'ana masiku angapo, kenako anati, "Musiyeni mwana wa eni. Inu mukudandaula digiri, iye akudandaula bambo ake."

Ndinamusiyadi. Sindinamufunsenso, ndipo Loweruka akafika ndinkawakonza a Tembo msanga n'kupita kukagwira ntchito kuchipinda china, kuti asamandione. Mumtima ndinali nditavomera kuti ndidzavala gauni ya digiri wamba, ndipo si tchimo.

Chinasintha zinthu ndi buledi. A Tembo anali ndi chizolowezi chobisa buledi wa m'mawa m'thumba la jekete. Ankauma momwemo, nthawi zina kuchita nkhungu, ndiye anzanga ankamuchotsa, monga mwa lamulo la ukhondo. Akamuchotsa, a Tembo ankalira ndi kumenya bedi. Loweruka lina zimenezi zinachitika Grace ali pomwepo. Anatuluka kudzandifuna yekha, n'kundipeza ndikupinda matawulo.

"Tabwerani," anatero. "Akunena mawu omwewomwewo. Ndiuzeni akuti chiyani."

Tinalowa. A Tembo anali atagwira thumba lopanda kanthu lija, misozi ili m'masaya. Atandiona anati, "Yohane, anitengela buledi. Ni wa mwana wanga uja. Azachoka kusukulu na njala, amake ali kunchito. Mwana sanadye, Yohane."

Ndinamasulira liwu ndi liwu, osawonjezera, osachotsa. Grace anakhala pansi pang'onopang'ono. Anati ali wamng'ono, bambo ake akaweruka shifiti ya m'mawa ankamudikira pageti la sukulu atavala yunifomu yawo ya mabasi, ndipo m'thumba munkakhala kabanzi ka kukantini ya kuntchito kwawo, kophwanyika, kofunda. Ankachita nako manyazi pamaso pa anzake.

"Ndiye kuti sanandiiwale," anatero.

"Sanakuiwaleni, mayi. Akukufunani, kungoti akufuna wa pageti uja."

Tsiku limenelo sitinakambe za kafukufuku. Anadzayambitsa yekha patapita masabata, n'kunena kuti ndilembe, koma mayina ndisinthe, ndipo ndilembenso mbali yake, ya mwana amene wakhala pambali pa bedi osamva kanthu. Chimenechi ndi chomwe Amina ankanena chija. Nditamuuza, anangoti, "Ndinakuuzani," n'kundigawira chokoleti chake.

Masabata otsalawo ndinalemba ngati wothamangitsidwa. Amayi anu Chikondi ndi amene ankanditayipira masamba ena pakompyuta akachoka kukoleji, uku akudandaula kuti ziganizo zanga ndi zazitali ngati ulaliki. Tsiku loteteza ndinavala suti yanga ya paukwati, yomwe inali itayamba kundikana pamimba. Mphunzitsi wina wochokera kuyunivesite ina anafunsa ngati banja limodzi lingatiphunzitse kanthu, popeza ndi limodzi lokha. Linali funso labwino. Koma pakamwa panga panatuluka kuti, "Pamenepo sindikugwirizana nanu kwenikweni, bwana." Ndinati banja limodzi silingatiuze kuti ovutika chonchi ndi angati, koma lingatiuze chomwe tizifunsa mabanja enawo. Anagwedeza mutu n'kulemba, kenako anandipanikiza ndi mafunso ena awiri omwe sindinawayankhe bwino.

Onazi ndinapeza. Sindinali woyamba ayi, Amina anandiposa, ndipo zinamuyenera. Tsiku lovala magauni agogo anu anabwera ndi amayi a kutchalitchi atavala zitenje zofanana, ndipo dzina langa litatchulidwa holo yonse inadziwa kuti kuli dziko lotchedwa Malawi. Patapita nthawi ndinapatsidwa ntchito yophunzitsa antchito atsopano a m'nyumba za okalamba, yomwe ndinagwira mpaka kupuma. Uphunzitsi unandibwerera choncho, wopanda choko.

Koma mukandifunsa tsiku lomwe ndimalikumbuka pa chaka chonsecho, si la gauni. Ndi Loweruka lina pakati pa kulemba kuja. Grace anafika msanga n'kundikokera pakona ya khonde, pafupi ndi pomwe tinkaimika njinga za olumala.

"Ndiphunzitseni kunena kuti ndadya ndipo ndakhuta," anatero. "Monga momwe amanenera kwawo."

Ndinamuphunzitsa m'kayankhulidwe ka bambo ake: "Atate, nadya. Nakhuta." Liwu loti nakhuta linamuvuta. Ankati nakuta, nakuta, ngati iwe Chisomo ukamayesa kuyankha agogo ako. Ndinati aike dzanja patsogolo pa kamwa, amve mpweya ukutuluka. Mayi wa kubanki, jekete yake yodula, ataima m'khonde akupumira m'dzanja lake ngati mwana wa Sitandade 1. Titaona kuti zatheka, tinalowa.

A Tembo anali pampando wa pawindo, dzanja lili pathumba, chifukwa tsopano tinkawasiyira buledi wa tsikulo n'kumusintha akagona. Grace sanakhale pampando wa alendo. Anagwada pambali pawo, chinthu chomwe palibe anamuuza.

"Atate," anatero. "Nadya. Nakhuta."

A Tembo anatembenuka n'kumuyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinaima kukhomo ndi thireyi.

"Wadya?"

"Nadya, atate."

"Wakhuta zoona?"

"Nakhuta."

Anapisa m'thumba n'kutulutsa buledi uja, wophwanyika. Anamuyang'ana, n'kuyang'ananso mwana wawo.

"Manje uyu, nidye ine?"

Pamenepo Grace anasowa, chifukwa phunziro lathu silinafike kumeneko. Anandicheukira maso ali mbee. Ndinamunong'oneza liwu limodzi, iye n'kulibwereza.

"Idyani, atate."

Anayamba kudya pang'onopang'ono, nyenyeswa zikugwera pajekete, dzanja linalo atagwira mkono wa mwana wawo. Yohane sanamufunse tsiku limenelo. Ndinatuluka ndi thireyi yanga, n'kukoka chitseko mwakachetechete.